Nyumba ya ku Lisbon imene inalera adani a mwini wake

M'chaka cha 1944 boma la António de Oliveira Salazar linasonkhanitsa pansi pa denga limodzi ophunzira amene ankachokera m'maiko olamulidwa ndi Portugal n'kumachita maphunziro awo ku Lisbon. Nyumbayo anaipatsa dzina loti Casa dos Estudantes do Império, kutanthauza nyumba ya ophunzira a mu ufumu wa Apwitikizi, ndipo inakhazikika pa nambala 23 mu msewu wa Duque de Ávila, kenako n'kukhala ndi nthambi ku Coimbra ndi ku Porto. Ophunzira a ku Angola, a ku Mozambique, a ku Cabo Verde ndi a ku India anali atayamba kale timagulu tawo paokhapaokha, koma nduna yoona za maiko amene anali m'manja mwa Portugal, Francisco Vieira Machado, pamodzi ndi Marcello Caetano, yemwe panthawiyo ankatsogolera gulu la achinyamata la boma, anaona kuti n'kwabwino kuwaphatikiza onse. Ankafuna kuti achinyamatawa akule akukhulupirira kuti Portugal ndi dziko limodzi kuyambira ku Minho, kumpoto kwa Portugal, mpaka ku Timor, ku Asia, ndiponso ankadziwa kuti anthu amene amadyera ndi kuchezera pamalo amodzi savuta kuwayang'anira. Patapita zaka 21, boma lomwelo linatuma apolisi ake achinsinsi a PIDE kukatseka nyumbayo, chifukwa inali italera anthu amene panthawiyo anali kutchire akumenyana nalo.

Ine kwathu n'ku Dedza, kufupi ndi chipata cha Calomue, ndipo abale a mayi anga ali tsidya lina la malire, m'boma la Angónia. Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu amadziwa kuti pamalo ena, monga pa Lizulu, msewu womwewo ndiwo malire: golosale ya mbali ino ili ku Malawi, ya mbali inayo ili ku Mozambique, ndipo ogula mbatatesi ndi kabichi amawoloka popanda wowafunsa chiphaso. Malirewo anawalemba Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, chaka chimodzi chitangodutsa kuchokera pamene Britain anaopseza Portugal, mu Januwale 1890, kuti achotse asilikali ake m'chigwa cha Shire kumene Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo. Zinthu zikanayenda mwina, lero ku Blantyre akanamalemba makalata a boma m'Chipwitikizi. Chiyankhulochi ndinayamba kuchimva ndili mwana, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ena mwa iwo abale athu enieni amene anamanga zisakasa kuseri kwa nkhokwe zathu. Koma kuchiphunzira bwinobwino ndinachiphunzira nditakula, pamene ntchito yolondola katundu wa magalimoto akuluakulu inandiyendetsa ku Tete, ku Beira, mpaka kundikhazika kwa kanthawi ku Maputo. Kumeneko ndinazolowera kulowa m'laibulale ya Centro Cultural Português, imene ili pa ofesi ya kazembe wa Portugal mu msewu wa Julius Nyerere, ndipo ndi m'mabuku a mmenemo mmene ndinakumana ndi mbiri ya nyumba ya ku Lisbon ija. Kuyambira pamenepo, ndikamaganiza za nyumba za masiku ano zolimbikitsa ubale wa anthu oyankhula Chipwitikizi, ndimaziyesa ndi muyeso wa nyumba imene ija.

Tisanamize mbiri, anthu amene ankalowa m'nyumbayo sanali ana a alimi a ku Angónia kapena a ku Macanga. Ku Mozambique kunalibe yunivesite mpaka 1962, ndipo lamulo la atsamunda, limene linathetsedwa mu 1961, linkagawa anthu akuda pawiri: ambiri amene ankawatcha indígenas, oyenera kulipira msonkho ndi kugwidwa ku thangata ya chibalo, ndi ochepa kwambiri otchedwa assimilados, amene anatsimikizira boma kuti amayankhula ndi kulemba Chipwitikizi ndiponso kuti anasiya miyambo ya makolo awo. Woti afike ku Lisbon anayenera kudutsa zipata zonsezi, n'kukhalanso ndi womulipirira ulendo wa pa sitima yapamadzi. Motero ambiri a m'nyumbayo, makamaka zaka zoyambirira, anali ana a azungu obadwira ku Africa, ana a makolo a mitundu iwiri, ana a Amwenye a ku Goa, ndi ana ochepa a anthu akuda ogwira ntchito m'maofesi, m'zipatala ndi m'mamishoni. Chimene chinkawakokera kumeneko poyamba sichinali ndale ayi. Munali malo odyera otsika mtengo, kachipatala kothandizidwa ndi ophunzira zaudokotala, laibulale, masewera, ndi madansi a kumapeto kwa sabata, zinthu zofunika kwambiri kwa mnyamata amene wafika m'dziko lozizira ali ndi ndalama zochepa ndipo anthu akumuyang'ana mumsewu.

Chimene boma silinachiwerengere n'chakuti anthu akamadyera pamodzi amafunsana za kwawo. Amílcar Cabral, wobadwira ku Guiné koma wokulira ku Cabo Verde, anafika mu 1945 kudzaphunzira zaulimi. Agostinho Neto wa ku Angola ankaphunzira zaudokotala, poyamba ku Coimbra kenako ku Lisbon. Mário Pinto de Andrade, wa ku Angola yemwenso, ankaphunzira za ziyankhulo. Ku Mozambique kunachokera Marcelino dos Santos, kenako mlakatuli Noémia de Sousa mu 1951, ndipo Eduardo Mondlane anakhalako kanthawi kochepa asanapitirire ku America. Ku São Tomé kunachokera Alda Espírito Santo. Aliyense wa anthuwa ankadziwa mavuto a kwawo, ndipo mwina ankayesa kuti ndi tsoka la kwawo kokha. Wa ku Cabo Verde ankadziwa za njala ya m'ma 1940 imene inapha anthu zikwizikwi, opulumuka ambiri n'kukwezedwa sitima kukalima koko ku São Tomé. Wa ku São Tomé ankadziwa kuti m'minda ya koko imeneyo munalinso anthu ochokera ku Angola ndi ku Mozambique, obwera ndi mapepala otchedwa mgwirizano wa ntchito koma osaloledwa kubwerera kwawo mwa kufuna kwawo. Wa ku Mozambique ankadziwa za ulimi wokakamiza wa thonje ndi za amuna otumizidwa ku migodi ya ku Joni, boma n'kumalandira gawo la malipiro awo m'golide. Nkhanizi zitaikidwa pa tebulo limodzi, zinaoneka kuti ndi nkhani imodzi, yochokera m'maofesi omwewo amene anali pamtunda woyenda pansi kuchokera pamene iwo ankadyera. Mu Febuluwale 1953, pamene atsamunda anapha anthu ambiri ku Batepá, ku São Tomé, uthenga unafika kwa ophunzirawa kudzera mwa anzawo amene abale awo anali m'gulu la omangidwa ndi ozunzidwa, ndipo wa ku Luanda kapena wa ku Lourenço Marques (Maputo wa lero) anaumva ngati maliro a pakhomo pake.

Zinali ngati mwinimbumba amene wamangira anyamata mphala pakati pa mudzi kuti aziwaona polowa ndi potuluka, osaganiza kuti usiku, nyali ikazima, ndi mmene anyamatawo amauzana zonse zimene aliyense waona m'nyumba za akuluakulu.

Mbali imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya mabuku. Achinyamatawa anali ataphunzitsidwa mitsinje ya ku Portugal ndi maina a mafumu ake onse, koma za Africa sankadziwa kanthu kupatula zimene anamva kwa agogo awo, ndipo ena mwa iwo sankatha n'komwe kuyankhula ziyankhulo za amayi awo. Mu 1951 ena anayambitsa kagulu kokambirana, Centro de Estudos Africanos, kamene kankakumana m'nyumba ya banja la Espírito Santo, ndipo aliyense ankapatsidwa mutu woti akafufuze n'kudzafotokozera anzake: malo, mbiri, ziyankhulo, moyo wa anthu akuda a ku America. Nyumba ya ophunzirayo inkatulutsa kamagazini kotchedwa Mensagem kuyambira 1948 mpaka 1964, ndiponso inasindikiza timabuku ta ndakatulo ndi nthano ta alembi amene kwawo sakanapeza wowasindikizira. Buku loyamba la José Craveirinha, mlakatuli wa ku Mozambique, lotchedwa Chigubo, linatuluka kumeneko mu 1964, mwini wake ali ku Lourenço Marques kumene posakhalitsa anamangidwa. Ankawerenganso mobisa mabuku a ku Brazil, makamaka a Jorge Amado, ndipo mmenemo anapeza chinthu chimene sukulu sinawauze: kuti Chipwitikizi chikhoza kulembedwa kutali ndi Lisbon, ndi kamvekedwe kena, pofotokoza za anthu akuda osauka a m'minda ya koko ndi a m'madoko, popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Alembi a ku Cabo Verde anali ataona kale zimenezi kuyambira 1936, pamene anayambitsa magazini yawo ya Claridade ku Mindelo. Ubale umenewu unkayenda chopingasa, kuchokera ku Bahia, ku Brazil, kupita ku Mindelo, ku Luanda ndi ku Lourenço Marques, ndipo Lisbon anali malo okumaniranapo basi.

Boma linazindikira mochedwa. Kuyambira 1952 mpaka 1957 linachotsa atsogoleri osankhidwa ndi ophunzira n'kuikapo komiti yake, koma komitiyo itachoka, m'badwo watsopano unapitiriza pamene anzawo analekezera. Nkhondo itayamba ku Angola mu Febuluwale 1961, ophunzira ambiri anaopa kumangidwa kapena kulembedwa usilikali kuti akawombere abale awo, ndipo mu Juni chaka chomwecho pafupifupi 60 anathawa mobisa kudzera ku Spain kupita ku France, mothandizidwa ndi bungwe la mipingo la ku France lotchedwa Cimade. M'gulu limenelo munali Joaquim Chissano, amene anadzakhala mtsogoleri wa Mozambique, Pascoal Mocumbi, amene anadzakhala nduna yaikulu yake, ndi Pedro Pires, amene anadzalamulira Cabo Verde. Mu Epulo chaka chomwechonso, ku Casablanca, magulu omenyera ufulu a maiko olamulidwa ndi Portugal anapanga bungwe limodzi la CONCP, mlembi wake wamkulu ali Marcelino dos Santos. Anthu amene anakhala pa msonkhano umenewo sanafunike wowadziwitsana, chifukwa ambiri anali atadziwana kale pa tebulo la ku Duque de Ávila. Nyumbayo inatsekedwa mu Sepitembala 1965, katundu ndi mapepala ake n'kutengedwa ndi apolisi.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a kumalire tiyenera kuchikumbukira tisanaombe m'manja kwambiri. Ufulu wa Mozambique sunachokere ku Lisbon kokha. Pamene Frelimo inkapangidwa ku Dar es Salaam pa 25 Juni 1962, limodzi mwa magulu atatu amene anaphatikizana, la UNAMI, linali la anthu a ku Tete amene anathawira ku Nyasaland, ndipo lina, la MANU, linali la Amakonde ogwira ntchito ku Tanganyika ndi ku Kenya. Anthu amenewa ndale anaziphunzira m'Chinyanja, m'Chinyungwe, m'Chiswahili ndi m'Chingerezi, ndipo kusamvana pakati pa iwo ndi ophunzira kwambiri a kumwera kunavutitsa gululo kwa zaka zambiri. Komabe, pofuna chiyankhulo choti msilikali wa ku Mueda, kumpoto, amvane ndi wa ku Gaza, kumwera, atsogoleri anasankha Chipwitikizi, ndipo dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975 chinakhala chiyankhulo cha boma. Cabral ananena poyera kuti chiyankhulochi chinali chimodzi mwa zinthu zabwino kwambiri zimene Apwitikizi anasiya. Zotsatira zake n'zodabwitsa kwa munthu amene amayesa kuti chiyankhulo cha atsamunda chimafalitsidwa ndi atsamunda. Pa kalembera wa 1980, pafupifupi munthu mmodzi yekha pa anthu 100 aliwonse ndi amene anali ndi Chipwitikizi ngati chiyankhulo choyamba. Pa kalembera wa 2017 anali pafupifupi 17 pa 100 aliwonse, ndipo pafupifupi theka la anthu onse ankatha kuchiyankhula. Boma la Frelimo linafalitsa Chipwitikizi m'zaka 40 kuposa mmene Apwitikizi anachitira m'zaka mazana anayi.

Masiku ano ubalewu uli ndi maofesi, mbendera ndi tsiku lake. Bungwe la CPLP, la maiko oyankhula Chipwitikizi, linakhazikitsidwa ku Lisbon pa 17 Julayi 1996 ndi maiko asanu ndi awiri, Angola, Brazil, Cabo Verde, Guiné-Bissau, Mozambique, Portugal ndi São Tomé e Príncipe. Timor-Leste analowa mu 2002, Equatorial Guinea mu 2014. Likulu loona za chiyankhulocho lili ku Praia, ku Cabo Verde, ndipo mu 2019 bungwe la UNESCO linavomereza kuti 5 Meyi ikhale tsiku la Chipwitikizi pa dziko lonse. Ku Maputo, kuwonjezera pa nyumba ya Apwitikizi, imene ili pansi pa Camões, bungwe la boma la Portugal lofalitsa chiyankhulo ndi chikhalidwe chawo, ndipo ili ndi nthambi ku Beira, kuli inanso ya boma la Brazil mu msewu wa 25 de Setembro. Zimene zimachitika m'nyumba zoterezi ndi zinthu wamba koma zofunika: ophunzira amadzaza mipando ya laibulale chifukwa mabuku ndi odula ndipo kunyumba kulibe malo achete, ojambula amapachika zithunzi zawo pakhoma, alembi amakhazikitsa mabuku awo atsopano, ndipo madzulo ena kumaonetsedwa makanema amene sungawapeze kwina kulikonse mumzindamo.

Anthu ambiri ophunzira a ku Mozambique amaziyang'ana nyumbazi ndi diso limodzi lokayika, ndipo ndimawamvetsa. Amafunsa kuti dziko limene anthu ake ambiri amabadwa n'kuyamba kuyankhula Emakhuwa, Xichangana, Cisena, Elomwe kapena Chinyanja lingawerengedwe bwanji lonse ngati dziko la oyankhula Chipwitikizi, ngati kuti ziyankhulo zinazo ndi zovala za kumunda. Amakumbutsa kuti Mozambique analowa Commonwealth mu 1995, CPLP isanabadwe, chifukwa oyandikana naye onse amagwiritsa ntchito Chingerezi ndipo katundu wa m'madoko ake amapita kwa iwo. Amaseka za Equatorial Guinea, dziko limene anthu ake amayankhula Chisipanishi ndi Fang, lomwe linalandiridwa m'banjamo chifukwa cha zifukwa zimene aliyense amadziwa kuti zinali pansi pa nyanja, m'zitsime za mafuta. Amanenanso za mgwirizano wa 1990 wofuna kuti kalembedwe ka mawu kakhale kofanana, umene Portugal ndi Brazil anayamba kuutsatira pamene Angola ndi Mozambique akulembabe mwakale, ndipo amati nkhani yonseyo inali mkangano wa akuluakulu awiri, ang'onoang'ono n'kungoitanidwa kudzasaina. Zonsezi ndi zoona, ndipo palibe boma limene limatsegula laibulale m'dziko la eni chifukwa cha chifundo chokha.

Koma mbiri ya nyumba ya ku Lisbon imandiletsa kuweruza nyumba yotere poyang'ana cholinga cha woimanga. Madzulo ena ku Maputo ndinakhala nawo pa kuwerenga ndakatulo m'nyumba imodzi yoteroyo. Mayi wina wa ku Cabo Verde, amene ankagwira ntchito mumzindamo, anaimirira n'kulakatula m'Chikiriyolo cha kwawo, ndipo ambiri tinangotola mawu apa ndi apo. Atamaliza, bambo wina wa ku Angola anadandaula mwanthabwala kuti iye anabwerera Chipwitikizi, ndipo mnyamata wa ku Mafalala, dera la mu Maputo momwemo, anamuyankha ndi ndakatulo yosakaniza Chipwitikizi ndi Xironga, holo yonse n'kufa ndi phwete. Zitatero anthu anaiwala ndondomeko imene inalembedwa papepala, n'kuyamba kufunsana: kodi ku Praia ana amaphunzira m'chiyankhulo chanji, kodi ku Luanda achinyamata akuyankhulabe Kimbundu, kodi n'chifukwa chiyani mwana amene amayankhula Chipwitikizi cha mumsewu amalepherabe mayeso a Chipwitikizi. Wokonza mwambowo anangokhala pambali atagwira mapepala ake. Kukambirana kumeneko kunachitika m'Chipwitikizi, ndipo sikukanachitika m'chiyankhulo china chilichonse, koma nkhani yake sinali Portugal.

Kwa ine phindu la nyumbazi lagona pamenepo, ndipo ndi pamenenso zimaperewera. Mphoto ya Camões, imene maboma a Portugal ndi Brazil amapereka kwa mlembi wa Chipwitikizi, yafika ku Mozambique katatu: kwa Craveirinha mu 1991, kwa Mia Couto mu 2013, ndi kwa Paulina Chiziane mu 2021, mayi woyamba wa ku Africa kuilandira. Zimenezi zimasonyeza kuti alembi a ku Africa akuwerengedwa ku Lisbon ndi ku São Paulo. Chimene sichikuyenda bwino ndi njira yopingasa ija. Mabuku ambiri a alembi a ku Angola ndi a ku Cabo Verde amene ndinawagwira ku Maputo anali osindikizidwa ku Portugal, kutanthauza kuti kuti mlembi wa ku Luanda awerengedwe ndi mnzake wa ku Maputo, ayenera poyamba kukondweretsa wosindikiza wa ku Ulaya. Pa 17 Julayi 2021, ku Luanda, atsogoleri a CPLP anasaina mgwirizano wofewetsa maulendo pakati pa maiko awo, koma dziko lililonse linasiyiridwa ufulu wosankha mlingo umene likufuna kutsegula chitseko, ndipo pokambirana za mgwirizanowu anthu ambiri amaganiza za ulendo umodzi wokha, wopita ku Portugal kukafuna ntchito. Ulendo wa woimba wa ku Bissau wopita ku Nampula, kapena wa wophunzira wa ku Beira wopita ku Benguela, sukambidwa kwenikweni.

Ndiye pali nkhani ya mtunda, imene kwa ife ndiyo yaikulu. Kuchokera ku Ulongwe, likulu la Angónia, kupita ku Maputo ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500, pamene ku Lilongwe munthu amapita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Malume anga, amene anabwerera ku Angónia nkhondo itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, nditawafotokozera za malaibulale a ku Maputo anangoti: "Mphwanga, zimenezo n'za anthu a kumeneko. Kuno Chipwitikizi timachifuna tikapita ku boma, ku chipatala ndi kukhoti. Pa maliro, pa msika ndi m'tchalitchi timayankhula chathu chomwechi." Zidzukulu zawo zimalowa sukulu zikudziwa Chichewa chokha, n'kukumana ndi mphunzitsi, nthawi zina wochokera kutali, amene akuyankhula chiyankhulo chimene sizinachimvepo pakhomo. Ndaonapo kope la mdzukulu wawo wina: masamba odzaza ndi ziganizo zokopedwa bwino pa bolodi, zilembo zoongoka, timizere ta pamwamba pa mawu tonse tili m'malo mwake, koma nditamufunsa m'Chichewa kuti chiganizo china chikunena chiyani, anangoyang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala cha kuphazi.

Boma la Mozambique vutoli limalidziwa. Malamulo aakulu a dzikolo a 2004 amati Chipwitikizi ndicho chiyankhulo cha boma, koma amanenanso kuti ziyankhulo za makolo ndi chuma choyenera kutukulidwa. Kuyambira 1993 mpaka 1997 kunayesedwa maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'sukulu zingapo za pulayimale, ndipo ziyankhulo zimene anasankha poyesapo zinali Xichangana ku Gaza ndi Chinyanja ku Tete. Mu 2003 njirayo inayamba kufalitsidwa m'zigawo zina. Wailesi ya boma imaulutsa m'Chinyanja ku Tete ndi ku Niassa. Komabe mabuku owerenga a m'Chinyanja ndi osowa, ndipo m'nyumba zambiri za ku Angónia buku la m'chiyankhulo cha eni ake limene mungalipeze ndi Baibulo kapena buku la nyimbo lochokera ku Malawi. Apa ndi pamene nyumba ya chikhalidwe ikanagwira ntchito yooneka. Ikanakhala ku Tete kapena ku Ulongwe komweko, kumene kuli kale sukulu ya zaulimi ya Universidade Zambeze, ikanatha kusonkhanitsa aphunzitsi omasulira nthano za ku Cabo Verde ndi za ku Angola m'Chinyanja, n'kumasuliranso nthano ndi nyimbo za kwathu m'Chipwitikizi kuti mwana wa ku Bahia adziwe kuti gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, amavinidwanso m'dziko la CPLP. Achewa a ku Mozambique amapita chaka ndi chaka ku Mkaika, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, pamodzi ndi a ku Malawi ndi a ku Zambia, ndipo sindikuona chifukwa chimene munthu yemweyo sangakhalire wa mabanja onse awiri popanda kuuzidwa kuti limodzi ndi lachitukuko ndipo linalo ndi lakumudzi.

Mbali ya kuno nayonso ili ndi mlandu wake. Dziko la Malawi lazunguliridwa ndi Mozambique kummawa, kumwera ndi mbali ya kumadzulo. Mafuta, feteleza ndi katundu wathu wambiri amadzera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo sitima za malasha a ku Moatize zimadutsa m'dziko mwathu pa njanji imene inamangidwa ndi kampani ya ku Brazil. Koma mwana wa sekondale amene akufuna chiyankhulo china chakunja timamupatsa Chifalansa, ngakhale kuti palibe dziko loyankhula Chifalansa limene tinachita nalo malire. Madalaivala athu Chipwitikizi amachitola pa Zóbuè ndi pa doko la Beira, chongokwanira kupereka moni kwa wapolisi, kufunsa mtengo ndi kupepesa, ndipo akapatsidwa chikalata choti asaine amadalira mnyamata wa pamalire amene amawerenga ndi kumasulira pa mtengo wake. Amalonda a ku Lilongwe amene amapita ku Nampula amalemba ntchito womasulira wa ku Angónia kapena wa ku Milange, kawirikawiri mwana wa anthu omwe aja amene anakhala m'misasa ya othawa nkhondo, amene anaphunzira makalasi oyamba m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuno n'kukamaliza m'Chipwitikizi kwawo. Anthu amenewa ndiwo akugwira ntchito yolumikiza maiko awiriwa tsiku ndi tsiku, pa masikelo a magalimoto ndi m'maofesi a kasitomu, ndipo ambiri mwa iwo alibe satifiketi iliyonse yosonyeza kuti amadziwa ziyankhulo zitatu.